Oyilo wa galimoto: wa synthetic kapena wamba?

Galimoto imene ili pakhomo panu, kaya ndi Sienta, Vitz kapena Probox, ndi yomwe anansi adzakugogoderani usiku mayi woyembekezera akayamba matenda. Injini ikakana nthawi imeneyo, moyo wa anthu awiri umakhala pachiswe. N'chifukwa chake funso limene makaniko amakufunsani pa sevisi, loti athire oyilo wa synthetic kapena wamba, si la eni magalaja okha.

Oyilo amakuta zitsulo za mu injini kuti zisakhulane, amachepetsa kutentha, ndipo amanyamula zinyalala kupita nazo ku fyuluta. Wamba, amene amakaniko amati mineral, amayengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo tizigawo take n'tosiyanasiyana kukula. Wa synthetic amakonzedwa mopitirira apo kufakitale mpaka tizigawoto tifanane. Chotero saonongeka msanga ndi kutentha, ngati kwa ku Chikwawa ndi Nsanje kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Amayendanso msanga m'mawa wozizira wa mu Julayi ku Dedza, ndipo izi n'zofunika chifukwa injini imadyeka kwambiri ikangolizidwa kumene, oyilo asanafike paliponse.

Komabe musanayang'ane dzina kapena mtengo, yang'anani manambala. Pabotolo pamalembedwa 0W-20, 5W-30, 15W-40 kapena 20W-50. Nambala yoyamba imanena mmene oyilo amayendera kukazizira. Yachiwiri imanena kukhuthala kwake injini ikatentha kufika madigiri 100. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 0W-20 kapena 5W-30, ndipo 0W-20 amapezeka makamaka wa synthetic. Kuthira 20W-50 mu injini yotere poganiza kuti wokhuthala ndiye wamphamvu kuli ngati kupatsa khanda mlingo wa mankhwala a munthu wamkulu. Nambala yoyenera ili m'buku la galimoto yanu, ndipo nthawi zina pachitsekero cha pothirira oyilo.

Nanga galimoto yakale imene yayenda moyo wake wonse ndi 15W-40 wamba? Ine sindiona chifukwa choumirizira mwini wake kugula wodula. Oyilo wamba wosinthidwa pa makilomita pafupifupi 5,000 aliwonse, limodzi ndi fyuluta, amasunga injini kuposa wa synthetic woiwalidwa zaka ziwiri. Wa synthetic amatha kufika makilomita 10,000, koma misewu ya fumbi, maulendo afupiafupi komanso kuima pamdipiti wa galimoto m'tauni zimafupikitsa mtundawo. Zoti synthetic amaboola injini si zoona. Kudontha kumabwera pamene marabala anatha kale. Ndipo mukasowa wina panjira, kuonjezerako wa mtundu winawo n'kwabwino kusiyana n'kuyenda oyilo ali pansi pa mzere. Woyenera kumuthawa ndi wa m'mabotolo osamatidwa, amene simudziwa kuti muli chiyani.

Oyilo akatuluka mu injini, kaya anali wodula kapena wotchipa, amakhala ndi tizitsulo ndi poizoni wochokera ku mafuta opsa. Asayansi anapeza kuti akamapakidwa pakhungu la mbewa kwa nthawi yaitali amayambitsa khansa. Wosintha oyilo avale magolovesi, kenako asambe ndi sopo, osati petulo kapena palafini. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, akumbutseni anthu kuti oyiloyu asapakidwe pabala kapena pachipere, asathiridwe m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime, ndipo asayatsidwe pophikira. M'siyeni ku galaja mu chigubu chotseka bwino.

Makolo, musasungire oyilo m'botolo la chakumwa. Mwana akamumwa, musamusanzitse, chifukwa masanziwo angalowe m'mapapo. Muvuleni zovala zimene zanyowa, mum'pukute kukamwa, ndipo muthamangire naye kuchipatala mutatenga botololo, makamaka ngati akutsokomola kapena kupuma movutikira.