Chiphamaso m'chiphunzitso cha Chikhristu

Chiphamaso ndi khalidwe lodzionetsa ngati munthu wopembedza pomwe mumtima muli zolinga zina. M'Chipangano Chatsopano, mawu a Chigiriki omwe amamasuliridwa kuti "wachiphamaso" kapena "wonyenga" poyamba ankanena za munthu wochita sewero. Akhristu amasiyanitsa wachiphamaso ndi munthu wofooka. Wofooka amachimwa, n'kuvomera kulakwa kwake. Wachiphamaso amavala chipembedzo ngati chofunda chobisira zoipa zomwe wakonza kale.

M'Baibulo

Pa Mateyu 6, Yesu akudzudzula anthu opereka zachifundo, opemphera ndi osala kudya n'cholinga choti anthu awaone. Pa Mateyu 23 akufanizira alembi ndi Afarisi ndi manda opaka njereza kunja, m'kati muli mafupa.

Nkhani zina zimaonetsa chiphamaso chofika pochotsa moyo. Mfumu Herode inauza anzeru a kum'mawa kuti nayonso ikufuna kukalambira mwana wobadwayo, koma inkafuna kumupha (Mateyu 2). Yezebeli analamula kuti anthu asale kudya, kenaka pa msonkhanowo mboni zabodza zinanamizira Naboti, yemwe anaphedwa kuti Ahabu alande munda wake wamphesa (1 Mafumu 21). Yudasi anadandaula kuti mafuta odula akanagulitsidwa n'kuthandiza osauka, pomwe iye ankaba ndalama za m'thumba la gulu (Yohane 12).

Pa Mateyu 7 pali njira yozindikirira anthu otere: mneneri amadziwika ndi zipatso za ntchito zake, osati ndi kukoma kwa mawu.

Nkhani ya Mwana Lesa

Chitsanzo chodziwika m'chigawo chino cha Africa ndi Tomo Nyirenda, wochokera ku Nyasaland, yemwe anaphunzirapo ku Livingstonia. M'chaka cha 1925 ankalalikira ndi kubatiza pakati pa Alala ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, ndipo ankadzitcha Mwana Lesa, kutanthauza Mwana wa Mulungu. Ankanena kuti pa ubatizo amatha kuzindikira mfiti. Omwe ankawaloza kuti ndi mfiti ankawamiza m'madzi mpaka kufa. Mfumu Shaiwila inkamuthandiza. Atawolokera ku Katanga m'dziko la Congo, anthu oposa 100 anaphedwa mwa njira yomweyi. Nyirenda ndi Shaiwila ananyongedwa mu 1926. Ubatizo, womwe Akhristu amautenga ngati chizindikiro cha moyo watsopano, unasanduka chida chophera.

Mmene mipingo imaphunzitsira

Thomas Aquinas, m'buku lake la Summa Theologiae, anaika chiphamaso m'gulu la mabodza, ponena kuti ndi bodza lonenedwa ndi zochita osati pakamwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2121, amaletsa kugula kapena kugulitsa zinthu zauzimu, tchimo lomwe dzina lake linachokera kwa Simoni wamatsenga wa pa Machitidwe 8.

M'boma la Mchinji, lomwe lachita malire ndi Zambia ndi Mozambique, muli seminale yaikulu ya Kachebere yomwe inatsegulidwa mu 1939, komwe anyamata ofuna unsembe amaphunzira. Mipingo ya CCAP m'bomali ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma, ndipo monga m'masinodi ena, akulu a mpingo amatha kuimitsa mkhristu pa Mgonero akapezeka wolakwa.

Malamulo a dziko nawonso amakhudzapo. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito ku Malawi, limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Choncho mlaliki woloza nkhalamba kapena mwana kuti ndi mfiti pa mapemphero atha kuimbidwa mlandu.

Komabe chiphunzitsochi sichipatsa munthu ufulu wosaka achiphamaso mwa anzake. Pa Mateyu 7 pomwepo, Yesu akutchula wachiphamaso munthu woona kachitsotso m'diso la mnzake, osaona mtengo uli m'diso lake.