Khomo Lotseguka Kamodzi Pachaka: Madokotala Ophunzira Kunja ndi Maphunziro a Ukadaulo ku America

M'dziko la United States, munthu amene wamaliza sukulu ya udokotala saloledwa kuchiza odwala payekha mpaka atadutsa m'maphunziro a pachipatala otchedwa residency, omwe ndi zaka zogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, uku akuzama pa nthambi imodzi ya zachipatala ndiponso akulandira malipiro. Maphunzirowa amatenga zaka 3 kwa amene wasankha matenda a akuluakulu, matenda a ana kapena udokotala wa banja, zaka 5 kwa wa maopaleshoni, ndipo zaka 7 kwa wa maopaleshoni a ubongo. M'zigawo zambiri za dzikolo, dokotala amene anaphunzira kunja amayenera kuyambira pomwepa ngakhale atakhala kuti kwawo wagwira ntchito zaka zambiri, ndipo anthu odzera njira imeneyi si ochepa, popeza pafupifupi dokotala mmodzi mwa anayi alionse ku America anaphunzira sukulu ya udokotala kunja kwa dzikolo.

Chimene chimagwetsa ambiri mwa madokotala otere ndi nthawi. Zipatala zimalandira ophunzira atsopano kamodzi pachaka, chakumayambiriro kwa Julayi, koma kusankha anthu oti aitanidwe kumayamba mu Seputembala wa chaka cham'mbuyo, kotero kuti amene mapepala ake sanakwane m'mwezi umenewo amakhala ngati mlimi wobzala mvula yoyamba itapita kalekale, amene amakolola zochepa ngakhale mbewu yake ili yabwino. Pa chifukwa chimenechi, kalendala ya ulendowu imawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuchokera mu Seputembala, ndipo wolembetsa wanzeru amayamba ndi zinthu zimene zili m'manja mwa anthu ena chifukwa ndizo zimene sangazifulumizitse.

Choyamba mwa zinthu zimenezi ndi satifiketi ya ECFMG, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1956 ndipo lili ku Philadelphia, lomwe ntchito yake ndi kutsimikiza kuti dokotala wophunzira kunja ndi woyenera kulowa m'maphunziro a pachipatala ku America. Bungweli limafuna kuti sukulu imene munthu anaphunzira ikhale m'kaundula wa World Directory of Medical Schools ndi chizindikiro chosonyeza kuti ikukwaniritsa zofuna za ECFMG, ndiponso silikhutira ndi digiri imene wolembetsa watumiza yekha: limalembera sukuluyo mwachindunji kuti itsimikize kuti digiriyo ndi yeniyeni. Apa ndi pamene masabata ambiri amatayika, pakuti pempho lingathe kukhala pa desiki ya mlembi wa sukulu nthawi yaitali mwiniwake ali kutali, ndiponso kusiyana pang'ono kwa kalembedwe ka dzina pa digiri ndi pa pasipoti n'kokwanira kuimitsa zonse mpaka umboni wina utaperekedwa.

Mayeso otchedwa USMLE ndiwo amadya miyezi yambiri. Kuti munthu apeze satifiketi ya ECFMG ayenera kukhoza Step 1, amene amayesa sayansi yoyambira ya udokotala, ndi Step 2 CK, amene amayesa nzeru zothandizira odwala, ndipo awiriwa ayenera kukhozedwa m'kati mwa zaka 7, ndipo munthu saloledwa kulemba alionse mwa mayesowa kuposa maulendo 4. Kuyambira mu Januwale 2022, zotsatira za Step 1 zimangonena kuti munthu wakhoza kapena walephera, popanda malikisi, ndipo zimenezi zinachititsa kuti malikisi a Step 2 CK akhale nambala imene zipatala zimayang'ana kwambiri poyerekeza olembetsa. Zotsatira zimatenga masabata angapo kuti zituluke, choncho amene akufuna kuti malikisi ake aoneke mu Seputembala sayenera kulemba mochedwa kuposa Julayi kapena chiyambi cha Ogasiti. Mayeso akale a Step 2 CS, amene munthu ankapita ku America kukayesedwa mmene amalankhulira ndi odwala, anathetsedwa mu Januwale 2021, ndipo m'malo mwake ECFMG inaika njira zotchedwa Pathways, zomwe zimaphatikiza umboni wa luso lothandiza odwala ndi mayeso a Chingelezi cha kuchipatala otchedwa OET.

Mafomu ambiri opempha malo amadzera pa intaneti, pa dongosolo lotchedwa ERAS, ndipo dokotala wophunzira kunja amalowamo ndi nambala imene amagula ku ECFMG kuyambira chakumapeto kwa Juni. M'menemo amaikamo mbiri ya maphunziro ndi ntchito zake, kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira nthambiyo, malikisi a kusukulu, kalata ya mkulu wa sukulu yofotokoza mmene ankachitira, komanso makalata omuchitira umboni ochokera kwa madokotala amene anagwira nawo ntchito, omwe saposa anayi pa chipatala chimodzi. Mafomu amayamba kutumizidwa kumayambiriro kwa Seputembala, koma zipatala zimaloledwa kuwatsegula pa tsiku limodzi chakumapeto kwa mweziwo, ndipo onse amene anatumizidwa tsikulo lisanafike amaoneka ngati anafika nthawi imodzi.

Zimene zimachitika pa tsikulo n'zofunika kuziona bwino. Woyang'anira maphunziro pa chipatala chimene chili ndi malo ochepa chabe amapeza mafomu masauzande, ndipo popeza sangathe kuwawerenga onse, amauza kompyuta kuti imusonyeze okhawo amene ali ndi malikisi a Step 2 CK opitirira mulingo umene waika, amene sanalepherepo mayeso, kapena amene ali kale ndi satifiketi ya ECFMG. Fomu imene malikisi ake sanafike siioneka pa mndandanda umenewo, ndipo pamene malikisiwo akufika mu Novembala, makalata ambiri oitanira anthu kukafunsidwa mafunso amakhala atatumizidwa kale. Ndiye ngakhale malamulo amalola munthu kumaliza mayeso ndi zofuna za Pathways mpaka nthawi yotsekera kusanja zipatala zimene akufuna kumayambiriro kwa Malichi, kudalira chilolezo chimenecho n'kudzinamiza, chifukwa tsiku lenileni lotsekera kwa dokotala wophunzira kunja ndi limene zipatala zimatsegula mafomu.

Pamenepa pamabuka funso limene limavutitsa ambiri, lakuti munthu amene sanakonzeke bwino alembetse chaka chomwecho kapena adikire. Kudikira kuli ndi mtengo wake, popeza zipatala zambiri zimawerenga zaka zimene zapita kuchokera pamene munthu analandira digiri, ndipo zina siziyang'ana amene wapitirira zaka 5, pamene dokotala wa ku Malawi, mwachitsanzo, amakhala atathera kale miyezi 18 pa ntchito yoyambira m'zipatala asanalembetsedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Komabe kulembetsa ndi mapepala osakwana kumawononga ndalama zambiri, popeza munthu amalipira ndalama pa chipatala chilichonse chimene wapemphako malo, ndipo kuthamangira mayeso usanakonzeke n'koipa kwambiri, pakuti kulephera kumalembedwa m'mbiri yake mpaka kalekale ndipo amene wakhoza ndi malikisi otsika saloledwa kulembanso kuti awakweze. Chaka chodikira chimene munthu wathera akuthandiza odwala, akuchita kafukufuku kapena akuphunzira ntchito pa chipatala cha ku America n'chosavuta kuchifotokoza pamaso pa ofunsa mafunso. Chimene chimavuta kufotokoza ndi chaka chimene sichikusonyeza ntchito iliyonse ya udokotala.

Kufunsa mafunso kumachitika kuyambira mu Okutobala mpaka mu Januwale, ndipo chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020, zipatala zambiri zimachita zimenezi pa intaneti, zomwe zinapeputsa katundu kwa anthu okhala kutali. Kugawa malo kuli m'manja mwa bungwe lina, la NRMP, lomwe linayamba mu 1952 ndipo munthu amalembetsako padera kuyambira pakati pa Seputembala. Mu Febuluwale wolembetsa amasanja zipatala monga mmene akuzifunira, zipatala nazo zimasanja anthu amene zinawafunsa, kenako kompyuta imalumikiza mbali ziwirizo pogwiritsa ntchito njira imene Alvin Roth ndi Elliott Peranson anakonza m'zaka za m'ma 1990; Roth analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2012 pamodzi ndi Lloyd Shapley chifukwa cha ntchito ya mtundu umenewu. Njirayi inakonzedwa mwakuti munthu sataya kanthu akaika patsogolo chipatala chimene akuchifunadi. M'sabata yachitatu ya Malichi, Lolemba, aliyense amauzidwa ngati wapeza malo, amene sanapeze amalimbirana malo otsala m'masiku otsatirawo kudzera m'dongosolo lotchedwa SOAP, ndipo Lachisanu opambana amauzidwa chipatala chimene apite. M'zaka zaposachedwa, mwa madokotala 10 alionse ophunzira kunja amene si nzika za America, pafupifupi 6 ndiwo amapeza malo, pamene mwa ophunzira 10 omaliza sukulu za m'dzikolo amene amapeza malo amaposa 9.

Kuchokera pa tsiku limenelo kufika mu Julayi pamatsala miyezi itatu ndi masabata ochepa oti munthu apeze viza. Ambiri amapita ndi viza ya J-1, imene ECFMG imaimira, ndipo viza imeneyi imafuna kalata yochokera ku unduna wa zaumoyo wa dziko limene munthu amakhala, yonena kuti dzikolo likusowa madokotala a nthambi imeneyo, komanso imamumanga kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka 2, pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera. Viza ina, ya H-1B, imaperekedwa ndi zipatala zochepa ndipo imafuna kuti munthu akhale atakhoza kale Step 3, mayeso amene amalembedwa ku America kokha. Ulendo wokalemba mayesowo kapena wokaphunzira ntchito pa chipatala umadalira viza ya alendo, ndipo mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa nzika za Malawi ndi Zambia zopempha viza yotere. Popeza malamulo a viza akhala akusintha pafupipafupi, dokotala wa m'mayikowa ayenera kufufuza mmene zilili asanalipire ngakhale mayeso oyamba. Nawo akuluakulu a sukulu za udokotala ndi a unduna wa zaumoyo ayenera kuyankha mapempho otsimikiza mapepala mwamsanga, chifukwa kalata imene yachedwa ndi masabata ochepa mu ofesi imachedwetsa dokotalayo ndi chaka chathunthu.