Buleki Ikayamba Kufewa Ndi Kunjenjemera, Musazengereze

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, mavaneti ndi timalole ta m'midzi sitipuma. Lero tanyamula cimanga kupita ku depoti ya FRA, mawa fetereza, mkuja anthu opita kumaliro kapena kwaya yopita ku parishi. Aliyense woyenda mu Great East Road adziwa mapiri a Manenekela, pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa. Pamtsetse wotere moyo wa onse okwera umadalira phazi limodzi la dalaivala ndi mabuleki ake. Akulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka la mabuleki limayamba lacenjeza. Pedulo imafewa ngati siponji, kapena imagundagunda kuphazi mukaiponda.

Pano tikamba za motoka zamabuleki oyendera mafuta, osati malole akuluakulu amabuleki amphepo. Mukaponda pedulo, master cylinder imakankha mafuta m'mapaipi mpaka kumawilo, ndipo mapadi amapana disiki, kapena mashuzi amakanikiza dilamu. Mafuta safinyika, n'cifukwa cake buleki yabwino imalimba. Mpweya umafinyika. Ukangolowa m'mapaipi, mphamvu ya phazi imathera pofinya mpweyawo ndipo pedulo imapita pansi.

Kuyeza mungayambe nokha pakhomo. Tsegulani boneti muone kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mafuta ayenera kukhala pakati pa MIN ndi MAX. Amatsika pang'ono mapadi akamatha, koma ngati mwathira sabata yatha ndipo atsikanso, pali pamene akudontha. Suzumirani kumbuyo kwa wilo lililonse, m'mapaipi acitsulo ndi m'mapaipi arabala. Ponyowa ndiye pali vuto. Kuthira mafuta ena sikukonza, kungobisa matenda.

Kenaka lizani injini, pondani pedulo ndi kuigwira osasiya kwa theka la mphindi. Ikamatsika yokha pang'onopang'ono koma kunja kulibe podontha, marabala a mkati mwa master cylinder atha. Ikakhala yofewa koma n'kulimba mukapopa kawiri katatu, kawirikawiri ndi mpweya, kapena mashuzi akumbuyo atalikirana ndi dilamu ndipo afunika kuwasendeza.

Cina cimene ambiri sacidziwa ndi cakuti mafuta amenewa amakoka cinyezi. Mafuta atsopano a DOT 3 sawira mpaka madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa 140. A DOT 4 amatsika kucoka pa 230 kufika pa 155. Dalaivala akatsetsereka phiri phazi lili pabuleki, katundu ali phamphu, mafuta akale amawira, nthunzi imadzaza paipi, pedulo n'kugwera pansi. Motoka ikazizira buleki imabwerera, mwini wake n'kumati zatha. Sizinathe. Opanga motoka ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka 2 zilizonse.

Nanga kunjenjemera? Nthawi zambiri ndi disiki imene yadyeka mosalingana, pena yokhuthala pena yopyapyala, kapena imene sinakhale bwino cifukwa ca dzimbiri ndi dothi pamene imagona. Kumanga manati a wilo mosalingana, ena molimba ena mofewa, kumabweretsanso vuto lomweli. Mangani modumphadumpha, osati motsatana. Ngati ciwongolero ndico cigwedezeka poponda buleki, yang'anani kutsogolo. Ngati mumva kumpando, ganizirani zakumbuyo, makamaka dilamu imene yasiya kukhala yozungulira bwino.

Pamene kufewa ndi kunjenjemera zabwera pamodzi, musaiwale beringi. Misewu yathu yamakwinya imaphwetsa maberingi msanga. Beringi ikaphwa, disiki imayenda mopepeluka n'kumakankhira mapadi kutali, motero muponda mtunda wautali buleki isanagwire. Kwezani motoka pajeke, ikani cocirikiza colimba, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Likamasewera, pali cophwa, ndipo kawirikawiri ndi beringi.

Pali kugunda kumodzi kosaopsa. Motoka zokhala ndi ABS zimagundagunda kuphazi mukaponda mwadzidzidzi pamsewu wamiyala kapena woterera. Pamenepo musacotse phazi, pondanibe. Koma ikamagunda ngakhale poima pang'onopang'ono patala pouma, kaonetseni kwa makanika.

Pokonza, yambani ndi kutseka podontha, kucotsa mpweya kubwere pambuyo. Nchito imeneyi ifuna anthu awiri. Mmodzi apopa pedulo ndi kuigwira, wina amasula kanati kotulutsira mpweya kuwilo, n'kumanganso mnzake asanacotse phazi. Pa motoka zambiri amayambira wilo lakutali ndi master cylinder. Pitirizani mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu, ndipo kabotolo kasaume, apo ayi mwayambanso poyamba. Mapadi akatsala mamilimita 3 sinthani, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Disiki ikhoza kupalidwa pamakina, koma pa iyo pamalembedwa muyezo wotsiriza. Ikafika pamenepo, gulani ina.

Tsono pali nzeru zina zam'njira zimene zapha anthu. Ena amathira oilo wa injini. Oiloyo amatupitsa marabala onse, ndipo mudzagula zonse zatsopano. Ena amathira madzi a sopo, amene amawira msanga ndi kudyetsa dzimbiri. Ena amatseka paipi yodontha ndi msomali n'kumayenda ndi mawilo atatu ogwira, motoka n'kumakokera mbali imodzi. Thirani mtundu wolembedwa pacitsekero ca kabotolo, wocokera m'botolo losatsegulidwa kale.

Kwa madalaivala: tsikani phiri ndi giya yaing'ono, ija mukanakwera nayo, ndipo osatsika pa nyutulo pofuna kusunga dizilo. Kwa alimi obwereka motoka: matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, musaumirize kuwonjezerapo pa vaneti ya tani imodzi. Pepala la fitness la ku RTSA linena za tsiku limene motoka inayezedwa, silinena za lero. Muli ndi ufulu wofunsa za mabuleki musanakweze ana anu, ndipo mukaona dalaivala apopa pedulo pofuna kuima, tsikani. Wakutsina khutu ndi mnansi.