Kodi chipinda cha osuta fodya chimatetezadi ena ku utsi?

Ngati munalowapo m'bala pa Kapiri, m'dera la Mfumu Dambe ku Mchinji, nthawi yomwe alimi ayamba kulandira ndalama za fodya, mukudziwa mmene utsi umadzazira m'chipinda. Wina wayatsa ndudu, wina wapichira chingambwe, mazenera ndi aang'ono. Kasitomala akamaliza botolo lake amatuluka, koma wogulitsa mowa amakhala mu utsiwo kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, mawa lake chimodzimodzi.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi tsopano chifukwa mu Ogasiti 2023 boma linavomereza pangano la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lothana ndi mavuto a fodya, lotchedwa FCTC, ndipo panganoli linayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Novembala chaka chomwecho. Gawo 8 la panganoli limafuna kuti maiko ateteze anthu ku utsi wa fodya m'malo a ntchito, m'magalimoto onyamula anthu ndi m'nyumba zomwe anthu amasonkhanamo. M'maiko ambiri omwe anapanga lamulo lotere, mkangano unabuka pa malo oti apatulidwe, kuti kusuta kupitirire kuloledwa mmenemo.

Kupatula malo kumachitika bwanji?

Chitsanzo chodziwika ndi cha mzinda wa New York ku America. Mu 2003 mzindawu unayamba kuletsa kusuta m'mabala ndi m'malo odyera, koma unasiya mpata kwa mabala osutiramo cigar, ndudu yaikulu yokulungidwa ndi tsamba la fodya m'malo mwa pepala. Kuti bala ipatulidwe inayenera kukhala yoti inalipo kale chaka cha 2001 chisanathe, komanso kuti ndalama zosachepera 10 pa 100 zilizonse zomwe imapeza zizichokera ku malonda a fodya. Eni mabalawa ankati aliyense wolowamo amadziwa chomwe akukapeza.

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito m'malo odyera ndi omwera mowa, lamulo lakhala likulola mwini malo kupatula gawo losaposa 25 pa 100 la nyumba yake kuti likhale la osuta, bola likhale lotchingidwa. Mu 2022 boma la kumeneko linapititsa ku nyumba ya malamulo bilo yofuna kuthetsa zipinda zoterezi.

Dziko la Ireland linatenga njira ina. Pa 29 Malichi 2004 linakhala dziko loyamba kuletsa kusuta m'malo a ntchito kuphatikizapo mabala onse. Pafupi nafe, Zambia inaletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri mu 2008, choncho amalonda a ku Mchinji omwe amadutsa pa Mwami kupita ku Chipata amalowa m'dziko lomwe lili kale ndi lamuloli.

Kuno kwathu mabala a cigar si ofala. Omwe angadzapemphe kupatulidwa ndi malo osutira shisha a m'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre, mahotela ofuna chipinda cha osuta, ndi mabala aang'ono a m'matauni a kumudzi.

Utsi wa wina umakuchitani chiyani?

Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Munthu wosasuta amapuma utsi wamitundu iwiri: womwe wosuta wautulutsa m'kamwa, ndi womwe ukufuka kunsonga kwa ndudu. WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta omwe amangopuma utsi wa anzawo.

Mtima ndi womwe umakhudzidwa msanga. Utsiwu umawononga mkati mwa mitsempha ndi kupangitsa magazi kuundana mosavuta. Bungwe la CDC la ku America limati wosasuta yemwe amapuma utsi wa ena kunyumba kapena kuntchito amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi 25 mpaka 30 pa 100, ndipo cha khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 pa 100. Kwa ana, utsiwu umayambitsa chibayo ndi matenda a m'makutu, komanso umadzutsa mphumu. Mayi woyembekezera akamaupuma akhoza kubereka mwana wochepa sikelo.

Cigar ndi shisha sizichepetsa vutoli. Cigar imodzi yaikulu ikhoza kukhala ndi fodya wochuluka ngati wa paketi yonse ya ndudu, ndipo imafuka nthawi yaitali. Pa shisha, madzi amaziziritsa utsi koma sachotsa poizoni wake, ndipo makala omwe amayatsira amawonjezera mpweya woipa wa carbon monoxide m'chipinda.

Nanga khoma, zenera kapena fani?

Mu 2007 maiko a m'pangano la FCTC anagwirizana mfundo zotsatira pa gawo 8. Mfundozi zimati palibe mlingo wa utsi wa fodya womwe ndi wosavulaza, ndipo zipinda za osuta, mafani ndi makina oyeretsa mpweya sizipereka chitetezo chokwanira. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Chitseko cha chipinda cha osuta chimatsegulidwa nthawi iliyonse yomwe wina walowa kapena kutuluka. Nyumba zambiri za m'matauni a kumudzi zilibe siling'i, utsi umangodutsa pamwamba pa khoma. Fani imachepetsa fungo ndi kumwaza utsi, koma tinthu ting'onoting'ono tomwe timalowa m'mapapo timatsalabe mu mpweya.

Ngakhale khomalo litakhala labwino chotani, wina amayenera kulowamo kukapereka mowa, kutolera mabotolo ndi kusesa. Apa ndi pomwe mfundo yoti wolowamo wadzisankhira yekha imafooka. Kasitomala angathe kupita ku bala ina, pomwe wantchito yemwe akudyetsa ana ndi malipiro a pamenepo sangasiye ntchito chifukwa cha utsi.

Kupatula kumavutanso pokhwimitsa lamulo. Lamulo likangoti kusuta m'nyumba nkoletsedwa, aliyense amaona yekha ngati likuphwanyidwa. Likati kupatula malo omwe amapeza gawo lakuti la ndalama pa fodya, woyendera malo amayenera kuona mabuku a ndalama kapena kuyeza kukula kwa chipinda, ntchito yofuna anthu ndi mafuta a galimoto omwe makhonsolo ambiri alibe okwanira.

Kodi lamulo lopanda mipata limathandiza? Ku Scotland analetsa kusuta m'mabala mu Malichi 2006. Kafukufuku wa m'zipatala 9 anapeza kuti ogonekedwa chifukwa cha matenda a mtima adzidzidzi anachepa ndi 17 pa 100 m'miyezi 10 yotsatira, ndipo ambiri mwa opindulawo anali osasuta.

Nanga mlimi wa fodya?

Kwa Dambe, monga m'madera ambiri a Mchinji ndi Kasungu, fodya wa bale ndi yemwe amalipira fizi ndi kugula malata, choncho nkhani yoletsa kusuta imadzetsa mantha. Dziwani kuti pangano la FCTC sililetsa kulima fodya. Gawo 17 limangolimbikitsa maboma kuthandiza alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Fodya wambiri wa ku Malawi amagulitsidwa kunja, kotero kuuza wosuta wa pa Kapiri kuti atuluke panja sikusintha mtengo wa belo ku okushoni ya Kanengo. Lamulo la Tobacco Industry Act limaona za ulimi ndi malonda a fodya wamasamba. Za utsi wa m'nyumba zimafuna lamulo lakelake.

Mungachitepo chiyani?

Simuyenera kudikira lamulo kuti muteteze a m'nyumba mwanu. Wosuta azisutira panja, kutali ndi khomo ndi zenera, makamaka pakhomo pomwe pali khanda, mayi woyembekezera kapena wodwala mphumu ndi TB. Ngati muli ndi bala, malo odyera kapena oonetsera mpira, ikani benchi panja pamthunzi ndi chikwangwani pakhomo. Ngati mumagwira ntchito mu utsi ndipo mwatsokomola kwa masabata awiri, mukubanika kapena mukumva kupweteka pachifuwa, pitani kuchipatala ndipo muwauze achipatala za malo omwe mumagwira ntchito.

Phungu kapena khansala wanu akadzabwera ndi nkhani ya lamulo loletsa kusuta m'nyumba, mudzafunse kuti ndi malo ati omwe apatulidwa, komanso ndani amagwira ntchito mmenemo.