Ikungotchaja, koma pa laputopu siikuoneka

Anthu ambiri amene amafika pa kashopu kanga kosindikiza mapepala m'tauni ya Kabwe, foni kudzanja ili kebulo kudzanja linalo, amakhala atagamula kale mlandu. Ena amati foni yalowa vairasi. Ena amati laputopu yakalamba. Ena amakhala atauzidwa ndi wokonza mafoni wina kuti foniyo ikufunika kuifulasha, ndipo amangodzera kuno kudzamva maganizo anga asanapereke ndalama. Dandaulo ndi limodzi: "Ikungotchaja, koma pa kompyuta siikuoneka." Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti kawirikawiri foniyo imakhala ili bwinobwino, pomwe kuifulasha kumatha kufufuta zinthu zomwezo zimene mwini wake akuvutikira kuti atulutse.

Ntchito yanga ndi kutaipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope, kufupi ndi mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni. Amene amandidyetsa ndi ophunzira a ku Kwame Nkrumah University ndi ku Mulungushi University, aphunzitsi ofuna kusindikiza masatifiketi, madala amene anapuma ku Zambia Railways akutsata mapepala a penshoni, ndi mabanja a ku Bwacha, Ngungu ndi Makululu ofuna chithunzi cha pa pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro. Mungafunse kuti bwanji osangotumiza pa WhatsApp. Mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel satoledwa pansi, komanso WhatsApp imafinya chithunzi, moti mukachikuza papepala nkhope imatuluka yosaoneka bwino. Kebulo ndi yaulere ndipo imatulutsa chithunzi mmene chinajambulidwira.

Choyamba kumvetsa n'chakuti foni si fulashi. Fulashi ili ngati nkhokwe: mukatsegula mumalowetsa dzanja n'kutapa nokha. Foni ya masiku ano ili ngati golosale yokhala ndi wogulitsa pa kauntala. Kompyuta siilowa mkati, imaima panja n'kupempha, ndipo foni ndiyo imatenga fayilo n'kupereka. Wogulitsayo akapanda kulola, mukhoza kuimirira mpaka dzuwa kulowa.

Kale sizinali choncho. Amene anagwirapo mafoni oyambirira a Android akukumbukira kuti ukalumikiza, memori khadi inkatulukira pa kompyuta ndi chilembo chake, E kapena F, ngati fulashi. Vuto linali lakuti nthawi imeneyo foni inkayenera kuisiyiratu khadiyo m'manja mwa kompyuta, ndipo nyimbo, kamera ndi mapulogalamu okhala pa khadipo ankaima. Kuyambira mu 2011, pa Android 3.0 ndi 4.0, Google inayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa MTP, imene kampani ya Microsoft inakonzera tizipangizo toimbira nyimbo ndipo inavomerezedwa kukhala muyezo wa USB mu 2008. N'chifukwa chake lero foni siibwera ndi chilembo. Imaoneka ndi dzina lake pansi pa This PC, monga TECNO SPARK kapena Galaxy A14. Ndaonapo anthu akufunafuna chilembo chatsopano pomwe foni yawo ili pomwepo ikuwayang'ana.

Kenako mu 2015, pa Android 6.0, anasinthanso china: foni ikalumikizidwa imayamba ndi kutchaja kokha mpaka mwini wake atailamula. Ine ndimati anachita bwino. Tangoganizani anthu onse amene amasiya foni pa tchaja mu shopu ya munthu wina kapena m'basi yopita ku Lusaka. Ikanakhala yotseguka yokha, aliyense wokhala ndi laputopu akanamakolola zithunzi za eni ake.

Ndiye musanaganize za vairasi, chitani ichi. Tsegulani loko wa foni ndi pini kapena patani yanu. Lumikizani. Kokerani pansi kuchokera pamwamba pa sikirini, pamene pamabwera mauthenga, ndipo mupeza kamzere konena kuti foni ikutchaja kudzera pa USB. Kadineni, musankhe File transfer. Mafoni ena amalemba Transferring files, ena amangoti MTP. Ngati dzina la foni likuoneka pa kompyuta koma mukatsegula mkati muli mbee, nthawi zambiri ndiye kuti foni ndi yokhoma kapena simunasankhe File transfer. Zinthu zanu sizinafufutike.

Nanga kamzere kaja kakapanda kubwera n'komwe, ndipo laputopu osalira kaphokoso kake kaja kolandira chipangizo? Apa woyamba kumukayikira ndi kebulo, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona milandu yambiri. Mukasenda kebulo wamba ya USB mupezamo timawaya tinayi. Kofiira ndi kakuda n'tonyamula moto. Koyera ndi kobiriwira n'tonyamula mafayilo. Opanga makebulo otchipa amasiya tiwiri tomalizati kuti asawononge kopa, ndipo kunja simungasiyanitse: pulasitiki yomweyo, mutu womwewo. Kebulo yotere imatchaja bwino, koma foni ndi laputopu sizidziwana n'komwe kuti zakumana.

Makebulo amenewa anachuluka kwambiri m'nyumba zathu mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Aliyense anagula kena kake kosunga moto: nyale ya sola, tochi, pawabanki, kafani, kasipika. Chilichonse chinabwera ndi kakebulo kake kakafupi, ndipo tambiri mwa ito n'totchajira basi. Tonseto tinathera m'kabati imodzi pamodzi ndi kebulo yeniyeni ya foni.

Mayi wina wa ku Bwacha anabwera ndi foni ya malemu amuna awo, akufuna chithunzi choti chiikidwe pa pulogalamu yovundukula chiliza. Mwana wawo wamkazi ankaidziwa patani. Anali atayesa kunyumba pa laputopu ya mwanayo, n'kupitanso kwa wokonza mafoni amene anawauza kuti sofutiweya yafa, aifulashe.

"Amayi, kebuloyi munaitenga kuti?" ndinawafunsa.

"Ndi ya nyale ya sola, mwana wanga. Koma imatchaja bwinobwino."

Ndinatenga yanga ya pa tebulo. Laputopu inalira, tinasankha File transfer, zithunzi zonse za bambowo zinatuluka. Akanavomera zofulasha zija, mwina sakanaziwonanso.

Kuyesa kebulo n'kosavuta. Bwerekani ina imene mwaiona ndi maso anu ikusamutsa mafayilo, kapena yesani yanuyo pa foni ya mnzanu. Musanyengedwe ndi mutu watsopano uja wa USB-C wolowa mbali zonse. Makebulo a mutu umenewu nawonso alipo otchajira okha. Komanso kebulo yabwino imatha kuthyoka mkati pafupi ndi mutu, kawaya ka mafayilo n'kuduka ka moto kakugwirabe. Mukaipeza yogwira, imangeni kaselotepi kapena kaulusi kuti muziizindikira, ndipo isamabwerekedwe.

Pambuyo pa kebulo, suzumirani m'bowo lotchajira. Kuno ku Kabwe fumbi sitichita kulifuna. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imalinyamula kuchokera m'misewu ndi ku milu ya zotsalira za mgodi wa mtovu ndi zinki umene unatsekedwa mu 1994, ndipo a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu amalidziwa bwino. Zimene fumbi limenelo limachita m'magazi a ana athu n'zazikulu kuposa nkhani ya foni, ndipo sindikuziyerekeza. Koma m'foni namonso limalowa, n'kusakanikirana ndi ulusi wa m'thumba mpaka kuumbika pansi pa bowo. Mutu wa kebulo sufikanso kumapeto. Moto umadutsa, mafayilo ayi. Zimitsani foni, muunike ndi tochi, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena pini ya chitsulo ayi, imapinda timano ta mkati. Kumbali ya laputopu, sinthani bowo, ndipo lumikizani mwachindunji osadzera pa kachipangizo kochulukitsa mabowo.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tiyang'ane Windows. Dinani pa Start ndi batani lakumanja la mausi, mutsegule Device Manager foni ili chilumikizire. Mukaona kachizindikiro kachikasu ka makona atatu pa dzina la foni kapena pa Unknown device, ndiye kuti kompyuta yamva kuti kwabwera chinthu koma ilibe kapulogalamu kolankhulira nacho. Dinanipo ndi batani lakumanja lija, musankhe Update driver, kenako Browse my computer, kenako Let me pick, ndipo pamndandandawo musankhe MTP USB Device. Zikakanika, sankhani Uninstall device, muzule foni, muzimitse laputopu n'kuiyatsanso, mulumikizenso. Windows imayambiranso payokha.

Pali msampha wina umene umagwira malaputopu a kaunjika ochokera ku Ulaya, omwe ndi ambiri pakati pa ophunzira. Ena amabwera ndi Windows yokhala ndi chilembo N kumapeto, monga Windows 10 Pro N. Mtundu umenewu anauchotsa mapulogalamu a nyimbo ndi mavidiyo potsata malamulo a kumeneko, ndipo MTP inapita nawo limodzi. Mankhwala ake ndi kuikamo Media Feature Pack, yomwe Microsoft imapereka ulere. Laputopu ya ku ofesi nayo ikhoza kukhala kuti a zamakompyuta anatseka dala mabowo a USB; imeneyo musalimbane nayo, kafunseni iwowo.

MacBook payokha siidziwa MTP. Kapulogalamu ka Android File Transfer kamene anthu ankadalira Google inasiya kukapereka mu 2024, choncho ambiri akugwiritsa ntchito OpenMTP. Pa Ubuntu foni imaoneka yokha ngati mbali yotchedwa gvfs ilimo. Pa iPhone, muyenera kudina Trust foni ikafunsa ngati mukuikhulupirira kompyutayo, ndipo ngakhale mutero, Windows imakuonetsani zithunzi ndi mavidiyo okha.

Anyamata ambiri a m'tauni amathamangira kuyatsa USB debugging. Siifunika posamutsa mafayilo. Ndi khomo la anthu opanga mapulogalamu, ndipo kulisiya lotsegula kumapatsa kompyuta mphamvu zambiri pa foni yanu. Ine ndikaipeza yoyaka ndimamuuza mwini wake aizimitse.

Foni ikaoneka, ena amasokonezekanso posapeza zinthu. Zithunzi za kamera zili mu DCIM. Zimene munatsitsa pa intaneti zili mu Download. Za WhatsApp, pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, zinasamukira kutali: tsegulani Android, kenako media, kenako com.whatsapp, mupitirire mpaka mupeze Media. Foda yokhala ndi zithunzi masauzande imachedwa kutseguka chifukwa foni imaziwerenga chimodzichimodzi, ndiye dikirani, musazule. Ndipo nthawi zonse sankhani Copy, osati Cut. Kebulo ikagwedezeka pakati pa ulendo, kapena batire ya laputopu ikatha magetsi atazima, mukufuna kuti zoyambirira zikhale zidakali m'foni. Muzifufuta pokhapokha mutatsegula zimene mwakopera n'kuona kuti zikutseguka.

Ngati zinthu zili pa memori khadi, njira yachidule ndi kuitulutsa n'kuiika mu kadirida. Koma chenjerani pawiri. Khadi imene inakonzedwa kuti ikhale mbali ya sitoreji ya mkati mwa foni imakhala yokhomedwa ndi kiyi wa foni yomweyo, ndipo kompyuta siingaiwerenge. Windows ikalephera kuiwerenga imafunsa ngati mukufuna kuichita format. Yankho ndi ayi. Ibwezereni m'foni momwe inali.

Sikirini yosweka ndi nkhani ina. Ngati ikuwala koma chala sichikugwira, kachipangizo kakang'ono ka OTG kamalola kulumikiza mausi ku foni, ndipo mutha kujambula patani ndi mausiyo n'kutumiza mafayilo pa Quick Share kapena Bluetooth. Ngati yada bii, konzetsani sikirini kaye. Mafoni a masiku ano amabisa zonse za mkati mpaka pini italowa, ndipo wokuuzani kuti azitulutsa mwa kufulasha akukunamizani.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Mukadina File transfer pa kompyuta ya mu shopu, mwatsegula zithunzi zonse, chithunzi cha reji yanu, makalata a kuchipatala, mawu ojambulidwa amene munatumizirana ndi akunyumba. Ndaona atsikana a ku koleji akusiya foni yotsegula pa kauntala n'kupita kukagula chakudya. Musatero, ngakhale pa shopu yanga. Imani pomwepo, sikirini ya kompyuta muziiona, mutchule fayilo imene mukufuna, ndipo akamaliza kusindikiza muwauze aifufute inu mukuona, ndi mu Recycle Bin momwe. Chabwino koposa n'kukhala ndi fulashi ya mitu iwiri, wina wolowa ku foni wina ku kompyuta. Mumaikamo fayilo imodzi yokhayo muli kunyumba, foni n'kukhala m'thumba.

Zimachitika ndithu kuti mwasintha makebulo, mwayeretsa bowo, mwayesa pa makompyuta awiri, koma foni ikungotchajabe. Pamenepo mwina timano ta mafayilo m'bowo lotchajira tathyoka kapena tachita dzimbiri, makamaka ngati foni inanyowapo ndi mvula. Yambani mwatulutsa zofunika pa Quick Share, Xender kapena Google Drive, chifukwa njira zimenezi sizidzera pa bowolo. Mukatero pitani kwa wokonza. Pa mafoni ambiri a Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung otsika mtengo, bowolo limakhala pa kabolodi kakekake kamene amangomasula n'kuika kena, ndipo ntchito imeneyi siikhudza mafayilo anu. Muuzeni momveka kuti asinthe potchajira pokha, asaifulashe. Chotsani simu khadi ndi memori khadi musanamupatse, ndipo pini musamuuze. Akafuna kuyesa ngati yagwira, mutsegule nokha muli pomwepo.