Mlatho wa miyala wa kwathu ukutha ndi eni ake

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukathandiza kukolola chimanga. Pochokera kumunda ndi ngolo tinaima pa mlatho wakale wa miyala, kumunsi kwa mudzi wathu, kuti ng'ombe zipume. Nditasuzumira kunsi mtima unandiwawa. Chipupa cha mbali imodzi chagumuka. Si madzi ayi, koma anthu. Akumazula miyala usiku kukaika pa maziko a nyumba zawo.

Malemu agogo anga ankati mlathowu unamangidwa nthawi ya atsamunda, ndipo bambo awo anasenza nawo miyalayo pamutu kuti apeze ya msonkho. Ena amati, "N'za azungu izi, tisungirenji?" Ine ndikuti mzungu ankangoloza ndi chala. Thukuta linali la makolo athu.

Alimi anzanga, mukadzadutsa pa mlatho wotere mudzatsike muone mamangidwe ake. Kunsi n'kokhota ngati uta. Mwala uliwonse anausema kuti utsamire unzake, ndipo wapamwamba pakati ndiwo umatseka yonse. Mulibe chitsulo choti n'kuchita dzimbiri. Ngolo ikalemera, miyala imangopanikizana, kulemerako n'kutsikira ku zipupa za m'mbali. Apa ndi pamene pagona vuto: mukazula miyala ya m'mbaliyo, uta umasowa potsamira, umatambasuka, basi mlatho wagwa.

Anzathu a ku Mulanje ndi Phalombe akudziwa bwino za kusowa mlatho. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho mu Malichi 2023, midzi ina inali yosafikika ndi galimoto. Zikatero feteleza safika, wodwala amanyamulidwa pamachira, ndipo venda amene wavutikira kuoloka amagula mbewu pa mtengo wofuna yekha.

Ku Kandewe m'boma la Rumphi, mlatho wa nsungwi wa pa mtsinje wa South Rukuru unamangidwa koyamba mu 1904. Wakhala zaka zonsezi kaamba koti eni mudzi amaukonza, mpaka alendo amapita kukauona. Nsungwi zenizeni!

Wathuwu sufuna zambiri. Tizule timitengo ta kachere tomera m'ming'alu mizu isanakule, tichotse mchenga ndi zinyalala kunsi mvula isanagwe, ndipo tileke kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Ndisanabwerere kutauni ndinakaonana ndi amfumu. Ati aitanitsa msonkhano Loweruka likudzali. Ndinawapempha kuti amene anatenga miyala koma sanaimangire aibweze popanda mlandu, pakuti mmodzi mwa iwo ndi mlamu wanga.