ASILIKALI A M'THUPI AMENE SACHOKA PAMALO

Amene munadwalapo malungo aakulu mukudziwa tizilonda timene timatuluka m'mbali mwa milomo thupi likatentha. Timapola patapita sabata imodzi kapena ziwiri, koma tsiku lina timabwereranso pamalo omwewo. Ine chimene chimandichititsa chidwi si kubwerera kwakeko ayi, koma kuti sitifalikira nkhope yonse. Nanga amatiletsa ndani?

Tizilondati timadza ndi vairasi yotchedwa herpes simplex. Ikalowa m'thupi sichokanso. Imakabisala m'mitsempha ya kumaso, n'kumatsikira pakhungu munthu akafooka. Olimbana nayo ndi asilikali a m'thupi otchedwa T cells, amene dzina lawo lichokera ku thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa kumene amakhwimira. Nkhondo ikatha ambiri amafa, koma ena amatsala akukumbukirabe mdani uja zaka zambiri.

Kale madokotala ankaganiza kuti otsalawa amangozungulira m'magazi ndi m'timisempha tija timatupa tikakhala ndi mwanabere. Kwa munthu wa ku Chipyela pa Likoma, ndinene kuti ankawayesa Ilala, imene imazungulira nyanja n'kufika pachilumba masiku ake okha. Moto utabuka usiku, amene ali m'sitima sangauzime. Amauzima ndi amene anagona pamudzipo.

Mu 2001 David Masopust ndi anzake ku America anapeza asilikali okumbukira ochuluka m'mapapo, m'chiwindi ndi m'matumbo a mbewa, kunja kwa magazi. Mu 2009 Thomas Gebhardt ndi Francis Carbone ku Melbourne, pofufuza herpes yomweyi pakhungu la mbewa, anaonetsa kuti asilikali ena amakhazikika pamene panachitikira nkhondo ndipo sabwereranso m'magazi. Khungu lokhala ndi alonda oterewa linkagonjetsa vairasi msanga kuposa khungu la mbali ina ya mbewa yomweyo. Awa ndiwo tissue-resident memory T cells.

Ntchito yawo ndi iwiri. Amayenda pang'onopang'ono pakati pa maselo a khungu akufufuza, ndipo akapeza selo lomwe lalowedwa ndi vairasi amalipha mdani asanaswane. Amaimbanso lipenga potulutsa mankhwala otchedwa interferon, amene amachenjeza maselo oyandikana nawo ndi kuitana asilikali ena kuchokera m'magazi. Ichi chimachitika m'maola ochepa, pamene a m'magazi paokha akadatenga masiku. Nthawi zambiri vairasi ija imatsika n'kuphedwa mwini wake osaona n'chilonda chomwe.

Tsono apa pali nkhani imene ikutikhudza ife Amalawi. Munthu akapimitsa CD4 pachipatala, kaya cha St Peter's ku Chipyela konko kaya china, amatengedwa magazi, chonsecho m'magazi mumakhala asilikali pafupifupi 2 okha pa 100 alionse. Ena ambiri ali m'matumbo, ndipo mu 2004 ofufuza anaonetsa kuti HIV imapha ambiri a kumeneko m'masabata oyamba, munthu akuoneka wathanzi ndithu. Chitetezo chikamka chitsika, mavairasi obisala aja amapeza mpata. Zilonda za herpes zimakula osapola, ndipo vairasi ya katsabola, yomwe inagona m'mitsempha kuyambira ubwana, imadzuka ngati mashingozi. Ma ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, amabwezeretsa CD4 ya m'magazi msanga, koma ya m'matumbo imachedwa ndipo mwa ambiri sibwerera yonse. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kudikira kudwala kaye usanayezetse n'kutaya alonda amene sudzawapezanso onse.

Alondawa sakhalitsa mofanana paliponse. A pakhungu amakhala nthawi yaitali, koma a m'mapapo, mwa mbewa, amachepa pakangopita miyezi ingapo. Jakisoni wa paphewa saika alonda ambiri m'mphuno ndi m'mapapo, kumene chimfine chimalowera, ndiye ofufuza akuyesa akatemera opopera m'mphuno kuti asilikali akakhazikike pakhomo penipenipo.